A Mawaya ndi Maseva Awiri

Zoti a Mawaya anachotsedwa ntchito chifukwa chowotcha seva yatsopano n'zabodza, ndipo amene akufalitsa zimenezi sadziwa ngakhale pobayira chingwe cha pulinta. Sevayo ilipo, ikungolira ng'ii mpaka lero.

Kwa amene simukuwadziwa, a Mawaya ndi bambo oonda aja oyenda ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya, amene aona za makompyuta pakampani yolongedza katundu zaka khumi ndi zinayi. Analowa ngati wonyamula makatoni, zinazi anaphunzira moonera. Akazi awo amadandaula kuti ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi seva yakale ya kuntchito.

Seva yakaleyo, kompyuta yaikulu ya pakampanipo, ndiyo inkasunga maina ndi mapasiwedi a antchito onse; ikakana, palibe wolowa m'kompyuta. Inkakhala m'kachipinda ka mamopu, moyandikana ndi chimbudzi, pamwamba pake atasanjapo makapu a tiyi omera nkhungu. Tsiku lina a Mawaya ataitsegula, munatuluka mphemvu banja lathunthu, ndi alamu omwe. Analavula, n'kukapempha yatsopano.

Itabwera, anailumikiza ndi yakale kuti ikopere maina onse. Zinayenda bwino. Koma m'mawa mwake theka la anthu linakanika kulowa. Masana chimodzimodzi.

"A Mawaya, mwatigulira seva kapena firiji?" anakuwa mayi a pa risepushoni.

Abwana nawo anawaitana. "Mkulu, zikapanda kutheka pofika Lachisanu, mutenge kasikuludiraiva kanuko muzipita."

Maseva oterewa ali ndi mwano wawo: mawotchi awo akasiyana kupitirira mphindi zisanu, salankhulana. A Mawaya ankadziwa zimenezi, ndiye anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kuwerenga zimene seva yakale imalemba tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti m'mawa wotchi yake inkatsogola mphindi khumi ndi zisanu, masana n'kutsalira mphindi khumi ndi zisanu. Sikuti inkalakwitsa chifukwa cha ukalamba ayi. Munthu ankaikankha, polowera pa dzina la abwana.

Ndiyetu makina osainira pakhomo, wotchi ya pakhoma ndi makompyuta onse ankatenga nthawi kwa seva yomweyo, mafoni akusiyidwa kwa alonda pageti mwa lamulo. Anthu ankapezeka ochedwa asanachedwe, n'kuweruka nthawi itapitirira. Wodandaula ankauzidwa kuti foni yake ndi yapamsika. A Mawaya anakumbukira mayi osesa amene anachotsedwa chaka chatha chifukwa chochedwa katatu, atasiya mwana akulira kunyumba. Anadzuka pa ndowa paja n'kulunjika ku ofesi ya abwana.

"Bwana, za wotchizi ndinu?"

Abwana sanachite ndi manyazi omwe, anangopitiriza kutokosa m'mano ndi kona ya envulopu. "Ndiye? Iphunzitseni yatsopanoyo izitsatira yakale. Sizitheka?"

"Zimatheka, bwana."

"Nanga chikuvuta n'chiyani?"

"Nseru, bwana."

Lachinayi anasamutsira zonse ku seva yatsopano, n'kuimangirira ku nthawi ya pa intaneti kuti chala cha munthu chisaikhudzenso. Yakaleyo anaizimitsa, n'kusamba m'manja kawiri ndi sopo. Lachisanu aliyense analowa m'kompyuta bwinobwino, palibe anachedwa, ndipo poweruka anthu anapeza basi yoyamba isananyamuke, n'kumayang'anana modabwa. Kalata ya a Mawaya inawapeza akupinda zingwe.

Zoona zake n'zakuti a Mawaya anachotsedwa ntchito chifukwa chokonza wotchi.