Mayi Akumchira

Mayi amene tawaika m'manda sabata yathayi ambirife dzina lawo la ubatizo sitinkalidziwa. Tinkangoti Akumchira.

Anabadwira m'banja la mlonda, ndipo sukulu anailekera panjira kuti alere azing'ono awo. Atakula analowa ntchito yochapa pachipatala. Zaka makumi atatu manja ali m'sopo, koma mapemphero a m'mawa osaphonya.

Mpingo utayambitsa mpikisano wothamanga mtunda wautali pothandiza odwala, iwo analembetsa imvi zili mbuu. Kuthamanga kwake kotani, abale! Woyenda pansi ankawapitirira. Komabe ngakhale mphamvu zilipo, ankatsalira dala kumbuyo kwa wotsiriza aliyense.

"Mwana akakhala womaliza sabweranso chaka chamawa," ankatero. "Manyaziwo ndisenze ndine."

Mtanda wawo unali mwana wa mlongo wawo amene anamulera okha, mnyamata yemwe anthu ankamutcha Kabwerebwere chifukwa kupolisi ankalowako ngati kwawo. Mayiwa ankaopa chinthu chimodzi: kufa mwanayo akadali ndi dzina limenelo. Tsiku lina anamuponyera nsapato zothamangira.

"Poti apolisi umawathawa bwino, tiye ukathamangire odwala."

"Azakhali, mukufuna anzanga andiseke?"

"Akuseka kale. Vala."

Anapita monyinyirika, koma anathamanga zaka zinayi, nthawi zonse ali m'gulu lotsogola. Mtima wa azakhali ake sunakhazikikebe, pakuti anzake akale aja ankamuimbirabe likhweru pageti.

Chaka chino miyendo inawatupa, mayiwa anagonekedwa m'chipatala. Tsiku la mpikisano, amayi a mpingo odzawazonda anati mnyamatayo sanamuone pakati pa oyamba kufika. Dzuwa linapendeka, iye ziii. Mayiwa anatembenukira kukhoma n'kulira. Mumtima anati wabwerera ku zakale zija basi, Ambuye, ndalephera.

Kenako anamva namwino akukaniza munthu pakhomo.

"Nthawi yoona odwala yatha. Ndinu ndani?"

"Ndine wothamanga wa mpingo," anayankha munthu uja ali wefuwefu. "Pepani ndachedwa. Kamtsikana kena kanabinya bondo, ndiye ndimayenda kumbuyo kwake mpaka pomalizira."

Mayiwa anapuma mpweya wautali, mtima pansi. Anaseka misozi ili m'masaya.

"Anamwino, m'loleni alowe. Ameneyo ndi wanga."

Anamwalira Lachitatu mwamtendere, mwanayo atawagwira dzanja. Ofuna kuthamanga chaka chamawa akalembetse kwa iyeyo mapemphero akatha. Mudzam'peza pakhonde, ndipo achinyamata ayamba kale kum'vutitsa kuti awalembe.