Pepala Limene Anatiwerengera Msuweni

Ine ndi mng'ono wanga tinabwera ku Kafue kuchokera kummawa tili anyamata, titamva kuti fakitale ya nsalu ikulemba anthu. Tonse awiri sitinkatha kulemba ngakhale dzina, tinkadinda chala. Anatiika kumene amamasula mabelo a thonje. Fumbi lake linkadzaza m'mphuno ndi pakhosi, moti poweruka ukalavula, malovu ankatuluka ndi ulusi.

Akuluakulu amene tinawapeza pantchito anatiphunzitsa mankhwala ake. Ukaweruka, usanafike kunyumba, umeze kachasu kuti atsuke pakhosi. Palibe amene ankanena kuti akukamwa mowa. Tinkati tikukatsuka. Mng'ono wanga poyamba ankakana, chifukwa anali woimba kwaya. Ndine ndinamukoka dzanja. Ndinamuuza kuti akapanda kutsuka, thonje limera m'chifuwa mwake, ndipo iye anandikhulupirira popeza ndinali mkulu wake.

Kotsukira kwathu kunali kuseri kwa nyumba ya msuweni wathu kukomboni ya Nangongwe. Msuweniyo anali kalaliki kunjanji, yekhayo pabanja pathu amene anafika ku sekondale. Makalata onse a pabanja ankawerenga ndi iye. Mkazi wake ndiye ankatcheza kachasuyo. Zaka zinapita, ntchito ya kufakitale inatha, fumbi linatha, koma kutsuka sikunathe.

Matenda a mng'ono wanga anayamba ndi nshima. Ankati ikuima pakhosi. Mlamu wanga, mkazi wake, anayamba kumuphikira yofewa, kenako phala, kenako phala lamadzimadzi. Munthu anaonda mpaka lamba anamubowola kawiri. Mlamu ndiye anapita naye kuchipatala chachikulu ku Lusaka, ndipo patatha milungu anabwera naye ali chimodzimodzi, ndi pepala m'thumba.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana, abale tonse. Msuweni anavala magalasi, nawerenga chamumtima nthawi yaitali. Kenako anapinda pepala n'kunena kuti, "Madokotala apima zonse. Sanapeze matenda."

Kwathu mawu amenewo amaloza kumodzi. Ngati achipatala sanapeze kanthu, ndiye kuti pali dzanja la munthu. Ndipo munthu amene sakumeza, maso onse amapita kwa amene amamuphikira.

Mlamu anagwada n'kunena kuti, "Pepani alamu, si mmene anandiuzira anesi. Iwo anati..."

Ndinamudula pakamwa. "Inu munaphunzira kuti? Pepala lanena kale."

Mawu amenewa ndimawamvabe. Ndinawanena ine, munthu amene sindinkadziwa ngakhale kumene pepalalo linayambira.

M'miyezi yotsalayo ndinkamubweretsera mng'ono wanga kachasu m'kabotolo, kuti atsegule njira. Mlamu ankabisa mabotolowo, ena kuwakhuthulira m'ngalande. Tsiku lina ndinamupezerera akukhuthula, ndipo mumtima ndinati umboni ndi umenewu, safuna kuti mwamuna wake achire. Maliro atatha, ndine ndinaimirira pamaso pa anthu n'kumuuza kuti achoke. Anachoka ndi chitenje ndi mapoto awiri. Mwana wawo wamkazi, amene anali asanayambe sukulu, ndinamutenga ine. Atakula n'kufunsa za amayi ake, ndinamuuza zimene ndinkakhulupirira, kuti anapha atate ake ndi chakudya.

Sukulu ndinayamba mutu uli kale mbuu, m'kalasi ya akuluakulu kutchalitchi. Ndinatopa ndi kupatsa anthu foni kuti andiwerengere mauthenga. Nditadziwa Chinyanja ndinapitiriza ndi Chingerezi pang'ono. Ndinkawerenga chilichonse: zikwangwani, mapaketi a sopo, zomata pakhoma la kiliniki podikira mankhwala anga a mawondo.

Chaka chatha, ndikufunafuna mapepala anga a kufakitale m'sutikesi, ndinapeza pepala lija, limene ndinaponyamo maliro atatha. Ndinawerenga dzina la mng'ono wanga, koyamba m'moyo wanga. Zina zinali zolembedwa mokhotakhota, koma liwu limodzi ndinalizindikira, chifukwa ndinkaliona pakhoma la kiliniki.

Ndinapita nalo kwa mayi wina wopima odwala pakilinikipo. Anandiwerengera mzere ndi mzere. Khansa ya pammero, yofika patali. Pansi pake dokotala analemba kuti wodwalayo wakhala akumwa mowa waukali zaka zambiri, asiyiretu, ndipo abwerenso kudzaonedwa.

Ndinafunsa ngati mowawo ndiwo unamupha. Mayiyo anati pa munthu mmodzi palibe angaloze chinthu chimodzi n'kulumbira, koma n'zodziwika kuti mowa umakulitsa ngozi ya khansa ya m'kamwa, ya pammero ndi ya chiwindi, makamaka ukamamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo ukaphatikiza ndi fodya zimaipiraipira. Ndinafunsanso za kutsuka fumbi. Sanandiseke. Anati, "Atate, palibe chimene umatsuka. Umangopweteka pamene ukudutsapo."

Sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka ku Nangongwe. Msuweni ndinamupeza pakhonde, wakalamba ngati ine, akumvera wailesi. Mkazi wake anamwalira kalekale.

"Ee, mwana wa sukulu wafika!" anatero. "Lero akuphunzitsani chiyani, a, e, i, o, u?"

Ndinamuikira pepala pamwendo. "Werenganso, msuweni. Mokweza."

Analiyang'ana, osavala n'komwe magalasi. Analidziwa.

"Iwe, zinthu zakale izi ukuzifukuliranji?"

"Unati sanapeze matenda."

"Nanga ukanakhala iwe ukanati chiyani? Komboni yonse inkamwa kuseri kwa nyumba yanga. Ndikanawerenga zoti mowa, mawa lake anthu akanati mkazi wanga ndiye wapha munthu. Mng'ono wako uja anali wakufa kale. Ndinangoti zipite."

"Zinapita kuti? Zinagwera mlamu!"

Anachepetsa wailesi n'kundiyang'ana. "Ine sindinatchule munthu. Anatchula ndi ndani? Ndipo mabotolo ankanyamula ndi ine?"

 Munthu ameneyu ndinkadya naye mbale imodzi. Ananditsogolera pa ukwati wanga. Zaka zonsezi ankandiona ndikulera mwana uja ndi bodza la iyeyo m'kamwa mwanga, ndipo ankabwera kudzamwa tiyi.

Mlamu ndinkadziwa kuti ali ku Chanyanya, kudoko la kumtsinje, amagula nsomba kwa asodzi n'kumagulitsa. Ndinapita m'mawa mwake. Ndinamupeza pafupi ndi pokocheza mabwato, akupala nsomba pa thumba la saka. Ndinavula chipewa, ndinagwada pamatopepo, amayi anzake akuyang'ana.

"Dzukani alamu, mudetsa thalauzi," anatero, mpeni osaima.

Ndinamuuza zonse. Anapukuta manja pachitenje.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza zimene ndinakuuzani ine pansi pa mango?"

"Ndinalakwa, alamu."

"Akuti masiku ano mumawerenga. Werengani ndimve."

Ndinawerenga ndi chala, ndikudodoma ngati mwana, mawu ovuta ndikunena mmene anandimasulira mayi wa pakiliniki. Nditamaliza anati, "Ine kupepesa kwanu ndilibe nako ntchito. Kuno palibe amene amanditcha mfiti. Amene amanditcha mfiti ndi mwana amene ndinabala. Ndinamutumizira nsomba pa ukwati wake, zinabwezedwa. Pitani mukamuwerengere iyeyo."

Ichi ndicho ndinkachiopa kuyambira pakiliniki. Mwana uja amanditcha atate. Amakhala ku Kafue Estates ndi mwamuna wake, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera kudzandichapira, kudzandisiyira ndiwo. Ana anga enieni ali kutali. Ndinakhala ndi pepalalo masiku anayi m'thumba la jekete, ndikudziuza kuti mlamu, patapita zaka zambiri choncho, wazolowera kale kukhala yekha. Kenako ndinaona kuti ndikuganiza ndendende ngati msuweni.

Lamlungu atabwera, ndinamuuza kuti asiye zochapa, akhale pansi. Sindinamuwerengere. Ndinamupatsa awerenge yekha, poti iye anaphunzira. Ndinamuuza za kutsuka, za mabotolo, za mawu amene ndinadula pakamwa pa amayi ake. Sindinabise kuti amene anayambitsa atate ake kumwa ndine.

Anawerenga kawiri. Anafunsa kuti, "Atate, pepala ili linali kuti nthawi yonseyi?"

"M'sutikesi, mwanawe."

"Sutikesi imene ndinkapukuta ine? Ndinali ndi zaka khumi ndikuwerenga kale Chingerezi. Simunandipatsepo bwanji?"

Ndinati sindinaganizepo, ndipo n'zoona. Ndinali nditawerengeredwa kale ndi munthu amene ndinkamukhulupirira.

Anapinda pepala, analiika m'kachikwama kake. Anandifunsa kuti ku Chanyanya amayi ake amakhala mbali iti, ndipo ndinamulongosolera: ukafika pokocheza mabwato, ufunse amayi a nsomba ochokera ku Nangongwe. Zovala zanga anazisiya m'beseni zili zonyowa.

Ndinamva kwa anthu kuti anagona komweko masiku atatu, ndipo tsopano amapitako kawirikawiri ndi ana ake. Kuno sanabwerenso. Lamlungu ndimachapa ndekha, ndipo ndimayanika kutsogolo kwa nyumba, kumene ndimatha kuona msewu.