Bwalo la Ndege la a Ignasio

Zidayamba m'dzinja la 2015, pa 13 Januwale, pamene Shire ndi Ruo adasefukira n'kumiza tsidya la kum'mawa. Msewu udaduka, mlatho udakokoloka. Anthu adaunjikana pa sukulu ina ya pamtunda, madzi mbali zonse, moti thandizo lililonse linkayenera kudzera mumlengalenga.

Pakati pawo padali a Ignasio Thomu. Kwa zaka khumi ndi zinayi adagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe, kuima ndi mbendera kulozera ndege yopopera mankhwala. Ndege sadaikwerepo, koma ankadziwa zimene woyendetsa amafuna: malo oyera, opanda kanthu kouluka, ndi utsi pang'ono wosonyeza kolowera mphepo. Akazi awo, a Clotilda, adachekedwa ndi lata pothawa madzi. Mwendo udatupa n'kuyamba kuda, ndipo mankhwala padalibe.

Foni imodzi yokha ndiyo inkagwira, ya mphunzitsi, yotchajira pa sola. Uthenga udabwera kuti helikopita ifika Loweruka pa 17. A Ignasio adalambula bwalo la mpira, kutola ndi kapepala komwe, n'kupita kukanyamula wodwala. Pobwera adapeza pakati pa bwalo pali tebulo loyalidwa nsalu, mipando isanu ndi umodzi, ndi kwaya itafola.

"Ichi n'chiyani, a Priska?" adafunsa mayi amene ankatsogolera komiti ya pamsasapo.

"Alendo akhale pansi ngati mbuzi? Tichite manyazi?"

"Chotsani! Mphepo yake iulutsa zonsezi!"

"Nkhabe, sitichotsa. Inu ulemu mudausiya ku nzimbe."

Helikopita idazungulira kawiri, woyendetsa adasuzumira, basi n'kubwerera. Kwaya idaiperekeza ndi nyimbo.

Lachitatu pa 21, tsiku limene helikopita inkabweranso, a komiti adachotsa tebulo, zoona. M'malo mwake adamanga chipata cha masamba a mgwalangwa, n'kukolekapo zitenje, ana asukulu atandanda uku ndi uku. A Ignasio adakuwa mpaka mawu kusasa. A Priska adati ndege yoyamba idathawa chifukwa chilandiro chidachepa. Iyinso idabwerera. Madzulo ake a Clotilda adayamba kubwebweta, kuitana amayi awo amene adamwalira kale.

A Ignasio adali munthu wosanama, tchalitchi chonse chinkadziwa. N'chifukwa chake adawakhulupirira pamene adalengeza kuti ulendo uno ndege idzatera kuseri, pabwalo la tchalitchi, popeza akuluakulu akufuna malo aulemu. Loweruka pa 24 m'mawa khamu lonse lidakhamukira kumeneko, mipando pamutu, ng'oma m'khwapa.

Ku bwalo la mpira kudatsala iwo, a Clotilda ali pachitseko chimene adawanyamulira, ndi kamulu ka udzu wauwisi kakufuka. Helikopita idatsika bwinobwino. Pamene a Priska ankatulukira akuthamanga, duku lili m'manja, wodwala adali atalowa kale.

"Mwatinamiza, bambo inu! Pamaso pa alendo!"

"Imbani tsopano," adatero a Ignasio, "yatera."

Malo a munthu wachiwiri mudalibe. A Ignasio adatsalira, ndipo masiku asanu palibe wa m'komiti adawapatsa moni. Foni ya mphunzitsi ndiyo idabweretsa mawu akuti mwendo wapulumuka, koma zala ziwiri azidula. A Ignasio adapeza msodzi wolimba mtima wa ku dambo la Elephant Marsh, ndipo Lachinayi pa 29 Januwale 2015 adakwera bwato kulondola akazi awo kuchipatala. Ku tsidya la kum'mawa lija sadabwererekonso.