Aganyu anga atatu ndi maliro a ku Nancholi

Mbiri ya sayansi m'dziko muno ikadzalembedwa, tsamba langa lidzakhalamo: ndine katswiri amene anasonkhanitsa khamu la anamalira popanda womwalira. Za kukoleji musandifunse. Tinasiyana chaka chachiwiri, mwamtendere.

Kasitomala ndinali naye mmodzi yekha, bwana wa shopu ya matayala ku Limbe, Msilamu wofatsa. Ndinawakonzera njira yotumizira mauthenga a pafoni kwa anthu ambiri. Akalemba uthenga, unkakaima pamzere mu kompyuta, ndipo timapulogalamu titatu, timene ndinkatitcha aganyu, tinkatola pamzerepo n'kumatumiza. Aganyu osaoneka, osadya, osafunsa.

Tsiku limene mayi a bwanawo anamwalira magetsi anazima, aganyu n'kugona osadzukanso. Bwana analemba uthenga wa maliro, ataona kuti sukupita anangoimba mafoni. Mayiwo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo. Uthenga uja unatsala pamzere, ine osadziwa.

Patapita milungu ingapo anandiitana kuti mauthenga a malonda sakufika kwa anthu. Ndinafika ndi chikwama, ndinatsokomola ngati dokotala, n'kudzutsa aganyu onse atatu. Pamzere sindinasuzumirepo. Iwo anayambira kutsogolo kwa mzere, mwachilungamo: "Kwathu ku Nancholi kwagwa zovuta. Tiika lero masana."

Foni ya bwana inayamba kulira osalekeza. Anayankha kamodzi, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, akundipepesatu. Wamwalira ndani kwathu?"

Ndinasuzumira pamzere: uthenga wa maliro uja unali utapita kwa aliyense.

Uthenga wotero Msilamu sadikira kuumva kawiri, chifukwa ukachedwa upeza ataika kale. Pomafika ku Nancholi tinapeza khamu pakhomo, ena atatseka mashopu awo, madalaivala ataimika maminibasi m'mbali mwa msewu. Wamkulu wotsala pakhomopo anali mmodzi, bambo a bwana, ndiye aliyense anangoti ndi iwowo. Eni akewo anali kuseri kwa nyumba, ndipo anatulukira akudya chinangwa. Mayi wina anakuwa n'kuthawa, nsapato n'kuzisiya pomwepo.

Ndinagwada pansi. Kasitomala wanga yekhayo ndinkamuona akupita. Ndinafotokoza za magetsi, za mzere, za aganyu.

"Ndiye aganyu akowo amangonyamula chilichonse chimene apeza?" anafunsa mkuluyo.

"Eya, bambo."

"Osafunsa n'komwe ngati munthuyo akupuma?"

"Alibe pakamwa, bambo."

Anayang'ana khamulo pang'onopang'ono, chinangwa chili m'manja.

"Kodi maliro anga adzakhala otere? Si oipa ayi. Koma mlamu wanga sindikumuona." Kenako anandiloza. "Anthuwa sangabwerere osamwa tiyi. Wandiphayu agule shuga."

Bwana sanandichotse ntchito. Anangolamula kuti ndisanadzutse aganyu, ndiziyamba ndawawerengera mokweza zonse zili pamzere, nditaimirira. Ndimawerenga mpaka lero, makasitomala a matayala akumvetsera.

Shuga paketi imodzi ndi minibasi yobwerera kwathu ku Nkolokosa, zonse pamodzi zinandidyera makwacha zikwi zisanu.