Kakatundu kochepa

Kwathu ndinayendetsa thiraki zaka zambiri, ndipo sikelo ndinkaidziwa bwino. Ukafika pa Balaka unkaima pamzere, kuzimitsa injini, kudikira kuti akupime. Unkaiona ndi maso, n'chifukwa chake unkaiopa.

Nditayamba ntchito kuno ku Glasgow, bwana wanga, mzungu wosachulutsa mawu, anandiuza kuti mathiraki a kampani yathu saimitsidwaimitsidwa. Kampaniyo inali ndi mbiri yabwino, ndiye kamera ikawerenga nambala, iwe umangodutsa. Anawonjezera kuti sikelo zina anazikwirira pansi pa msewu, zimapima galimoto ikuthamanga. Mawu omalizawa analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndinagwira oyambawo, n'kukawanena kutchalitchi modzitama. Pakamwa pangapa ndi pamene panandipachika.

Lamulungu lina titaweruka mapemphero ku Gorbals, amayi ena achikulire a mumpingo, amene anatisunga m'nyumba mwawo titangofika kumene m'dziko muno, anandiitanira pambali.

"Bambo, paja Lachiwiri mukupita kumwera? Tili ndi kakatundu kochepa kopita kumudzi. Mungakatisiyireko kwa anthu aja otumiza katundu kumudzi pa kontena?"

Munthu wakwathu akati kakatundu, uzikonzekera. Ndinkazidziwa zimenezi. Koma munthu amene anakufunditsa bulangete lake m'chisanu ungamukane bwanji? Ndinati, "Palibe vuto, amayi."

Lachiwiri m'mawa ndinadzera kunyumba kwa amayi aja ku Maryhill, thiraki itadzaza kale ndi matailosi. Uthenga unali utafika mpingo wonse. Ndinapeza migolo isanu ndi iwiri, makatoni a mabuku, makina osokera atatu, ndi injini ya galimoto imene mkulu wina ankatumizira mng'ono wake ku Dedza. Mumtima ndinapsa, kumaso ndikumwetulira. Tinapakira zonsezo kumbuyo kwenikweni, poti malo otsala anali okhawo.

Sikelo ya pansi pa msewu ija sindinaione. Ndinangoona galimoto ya oyang'anira misewu ikundipitirira, kumbuyo kwake kukuwala mawu oti ndiitsatire. Anakandipimanso pabwalo lawo. Mateyala akumbuyo anali atasenza mopyola malire, ndipo katundu wa anthuyo pamapepala panalibe. Wondipimayo sanakalipe. Anangofunsa kuti migoloyo ndi ya ndani, nanga ndainyamuliranji. Ndinasowa Chingerezi chomufotokozera kuti kwathu wamkulu sitimukanira.

Bwana anabwera ndi dalaivala wina. Anati chifukwa cha ine mathiraki onse a kampani ayambanso kuimitsidwa ngati ena onse. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Migolo ija anaitsitsira mosungira katundu wa kampani.

Ndinabwerera kunyumba ku Shawlands pa sitima, nditavala jekete lowala la ntchito imene ndinalibenso. Mkazi wanga sanandilankhule mpaka Lachisanu. Manyazi anandigwira kwambiri. Mpaka lero makampani ena amafunsa chimene ndinachokera kuja, ndipo ndikawauza, foni siliranso.

Lamulungu lotsatira ndinakhala pabenchi yakumbuyo kuti ndituluke msanga. Amayi aja anandipezabe pakhomo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, m'maso mwawo muli misozi yeniyeni.

"Pepani kwambiri, bambo, tamva zonse. Mulungu sataya anthu ake."

Kenaka anatsitsa mawu.

"Nanga kakatundu kaja kali kuti? Paja kontena ikunyamuka Loweruka."