A Myron a Kumgodi Akwera Thanthwe

A Myron Dziuba anagwira ntchito mumgodi wa malasha kufupi ndi mzinda wa Pavlohrad zaka makumi awiri ndi zitatu. M'mawa uliwonse chikepe chinkawatsitsira pansi pa nthaka, madzulo n'kuwatulutsa ali bii ngati mphika. Kukwera m'mwamba ndiye sankakufuna. Denga la nyumba yawo likamadontha, okwera anali akazi awo, Mayi Halyna, iwo atagwira makwerero n'kumalangiza ali pansi.

Nkhondo itayamba m'dziko mwathu analowa usilikali, imvi zili kale m'mutu. Anzawo ankawakonda chifukwa panalibe wina wokumba dzenje lobisalamo mwachangu ngati iwo. M'chaka chachiwiri anaponda bomba lokwirira, mwendo wakumanzere n'kudulidwa m'munsi mwa bondo. Ine ndinawadziwira kuchipatala ku Lviv, kumene mabedi athu anayandikana, ine nditataya diso ndi zala ziwiri. Atapatsidwa mwendo wachitsulo anaphunzira kuyenda msanga, koma anasowa kopita. Banja lawo linali litasamukira ku Ivano-Frankivsk, ndipo iwo ankangokhala pawindo tsiku lonse ali duu.

Mayi Halyna zitawakwana, anakawalembetsa m'gulu lathu la asilikali ovulala, limene limapita kumapiri a Karpaty Loweruka lililonse. Anawanamiza kuti akukamwa madzi ochiritsa pakasupe. Basi itaima pafupi ndi matanthwe a Dovbush, a Myron anayang'ana m'mwamba kwa kanthawi, kenako n'kufunsa kuti kasupeyo ali kuti.

Mphunzitsi wathu ndi Mayi Oresta, mayi wamfupi wosaseka wamba, amene wakhala akukwera mapiri kuyambira ali mtsikana. Anawapatsa lamba wokwerera ndi chipewa cholimba.

"Mayi, mwendo umodzi ndinausiya kunkhondo," anatero a Myron. "Wotsalawu ndikuufunabe."

Mayi Oresta sanalimbane nawo. Anawaphunzitsa kugwira chingwe ali pansi, kuti wokwera akaterereka asagwe. A Myron anachipapasa chingwecho n'kunena kuti kumgodi chopyapyala chotere amayanikapo zovala. Koma atachigwira tinaona kuti munthuyu amadziwa tanthauzo la kukhala ndi mnzako kunsonga kwa chingwe. Sankaphethira, sankacheuka, ngakhale wina awaitane. Pakamwa pokha ndi pamene sipankapuma. Ine ankati ndimakwera ngati ng'ombe yothawa dibi, ndipo wina aliyense anali ndi dzina lake lachipongwe. Komabe tonse tinkalimbirana kuti atigwirire iwowo. Miyezi inayi inatha phazi lawo lisanachoke pansi.

Tsiku lina mu Seputembala, mnzathu Zenon, chimunthu chachitali cha ku Kolomyia chimene chinavulala m'mutu, anali pakati pa thanthwe pamene alendo ena anaulutsa kandege kawo kojambulira zithunzi. Kulira kwa tindege timeneti tonse timakudziwa kuchokera kunkhondo. Ine ndinangozindikira ndagona chafufumimba pansi pa mtengo. Alendowo anakatsitsa msanga, akupepesa, koma Zenon anali atakumbatira mwala pakamalo kopapatiza, osayankha aliyense. Mayi Oresta anakwera kukamulankhula, n'kubwerako akupukusa mutu. Anati sakuwamva, pakufunika mnzake wa kunkhondo. Enafe tinali tikadali chigonere pansi.

A Myron anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kuusa moyo. Anapereka chingwe cha Zenon kwa wothandizira wa Mayi Oresta, n'kumanga lamba uja.

"Mundigwire bwino, Mayi. Ndikagwa mukayankha nokha kwa Halyna."

Kukwera konyansa chonchija sindinakuonepo. Mwendo wachitsulo unkakwecha mwala, iwo akutukwana thanthwe ndi amene analiika pamenepo. Atafika anakhala pambali pa Zenon, maso atatsinzina. Zimene analankhula anatifotokozera Zenon mwini wake pambuyo pake.

"Mphwanga, ine ndikuopa kuyang'ana pansi," anatero a Myron. "Tandiyang'anira, kwatalika bwanji?"

Zenon anasuzumira n'kuyankha kuti mwina mamita khumi ndi asanu. A Myron anabuula ngati akuwazula dzino, n'kunena kuti ndiye sangatsike, awabweretsere chakudya komweko. Mapeto ake Zenon ndi amene anayamba kuwalimbitsa mtima, kuwasonyeza poponda ndi motsamirira chingwe, mpaka onse awiri anafika pansi. Mpaka lero amakangana kuti anapulumutsa mnzake ndani. A Myron amati zonsezo anachita dala. Zenon amati ngati kunali kunamizira, ndiye thukuta lija linali lochokera kuti.

Loweruka lotsatira a Myron anamanga lamba popanda wowauza, akuti akufuna kukaona ngati zitsulo zokolekapo zingwe zinakhomedwa bwino. Chaka chotsatira tinakwera nawo phiri la Hoverla. Tinayenda maola asanu ndi limodzi, chifukwa ankaima pafupipafupi kuvula mwendo, kupukuta chitsa chake ndi kusintha sokosi. Pamwamba ena analira, ena anajambulitsa ndi mbendera. A Myron anakhala pamwala, n'kutulutsa buledi wakuda, adyo ndi nyama ya nkhumba yamafuta.

"Ndiye tavutikira mphepo basi?" anatero. "Munthu kuyenda mtunda wonsewu osabwerako ndi kanthu."

Koma atatha kudya anatembenukira kum'mawa, kumene kuli kwawo, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Tinawasiya. Potsika anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndisauze munthu kuti mphepo inawalowa m'maso.

Masiku ano amalondera pageti pa kampani ina yocheka matabwa, ndipo Loweruka amafika pabasi woyendetsa asanabwere. Anadziphunzitsa kumanga mfundo ndi dzanja limodzi, linalo atalipisa m'thumba, kuti aziphunzitsa anzathu odulidwa mikono, ndipo amawakalipira mofanana ndi wina aliyense. Mayi Oresta akufuna kuti alembe mayeso a otsogolera anthu kumapiri. Iwo akukanitsitsa, chifukwa anamva kuti pamayesowo pamafunika kukwera pa madzi oundana nthawi yachisanu. Koma sabata yatha ndinaona Mayi Oresta akuyeza nsapato ya mwendo wachitsulo uja ndi tepi kuti aipezere zitsulo zopondera pa madzi oundana, mwini wake atatanganidwa ndi kudya.