Chimanga Chathu cha M'mphepete mwa Dambo

Tinabwera ku Kasungu pa lole, ine, amuna anga ndi mwana kumsana, kuchokera ku Phalombe kumene malo olima anatithera. Anatitsitsa pa esiteti ina kufupi ndi Nkhamenya, natilozera kanyumba kaudzu ndi munda wa fodya wa bale. Lamulo loyamba lomwe kapitawo anatiuza linali lakuti tenanti salima chimanga, chakudya amalandira kwa bwana. Sindinachedwe kuona chifukwa chake. Ukakhala ulibe nkhokwe yako, sungatsutsane ndi amene akukupimira chimanga.

Mwini esitetiyo anali mkulu wouma mtima, koma iyeyo sindimuda kwenikweni, pakuti sanatinamizepo. Amene ndimamuda mpaka lero ndi mwana wake.

Mwanayo ankaphunzira ku yunivesite, ndipo pa tchuthi ankalowa m'chigafa ife tikusoka fodya, n'kukhala nafe pansi.

"Musamanditchule kuti bwana," ankatero. "Tonse ndife ofanana. Nthaka ndi ya amene akuilima. Inu mukukhetsa thukuta, ife tikungokudyerani."

Ankajambula pa foni manja athu akuda ndi utomoni wa fodya. Akatipatsa moni wa m'manja, ndinkamuona akupukutira dzanja kumbuyo kwa thalauza. Ndinawauza amuna anga, iwo anandikalipira.

"Iwe, munthuyu ndi wophunzira. Akadzatenga esitetiyi zinthu zidzasintha."

Anaitengadi. Bambo ake atafa ziwalo, zonse zinagwera m'manja mwake. Chaka chomwecho chimanga chomwe tinkalandira chinachepa, ndipo tinali ndi ana awiri. Kuseri kwa kanyumba kathu, m'mphepete mwa dambo, kunali thengo lomwe fodya sankamera bwino. Amuna anga analilambula Lamulungu likakwana, atachoka kutchalitchi. Ine ndinadzala mbewu yomwe ndinapempha kwa mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafo. Fodya wa bwana sitinamulekerere, ndipo feteleza wake sitinatapeko. Tinkathira manyowa a mbuzi omwe ndinkasenza pamutu.

Chimangacho chinakula mosiririka. Chitayamba kumasula ngaiyaye, m'mawa wina ndikuchokera kumjigo ndinamva zikwakwa zikulira. Ndinatula ndowa n'kuthamanga. Ndinapeza kapitawo ndi aganyu akutchetcha. Mapesi anali lambalamba pansi, akutuluka madzi.

"Atituma ndi bwana, mayi," anatero kapitawo, maso ali kumbali.

Amuna anga anapita kunyumba yaikulu, ine pambuyo pawo. Tinampeza mwana uja pakhonde akumwa tiyi. Sanatipatse mpando. Amuna anga anavula chipewa n'kunjuta.

"Bwana, munkatiuza nokha kuti nthaka ndi ya amene akuilima."

Iye anapumira m'mwamba ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

"Bambo, ine maganizo anga sanasinthe. Koma vutoli si la munthu mmodzi, ndi la kayendetsedwe ka dziko lonse. Ndikakulolani inu, mawa aliyense adzala chimanga, fodya asamalira ndani?"

Amuna anga anangoti zyolizyoli. Ine sindinanjute, ndipo pakamwa sindinatseke.

"Bwenzi mutadikira chikhwime ndiye mutilande," ndinatero. "Bwenzi wina atadyako. Bambo anu anali ankhanza, koma chakudya sanatchetchepo. Inu mumatikonda tikakhala m'foni mwanu basi."

Nkhope yake inachita tsinya. Anauza amuna anga kuti andiphunzitse mwambo, n'kulowa m'nyumba.

Sanatithamangitse pomwepo, poti fodya anali asanathe. Anadikira tithyole, tisoke, tisankhe, tidinde mabelo. Belo lomaliza litakwera lole, kapitawo anabwera kudzatiuza kuti kanyumbako mulowa banja lina.

Amuna anga anapeza utenanti pa esiteti ina cha ku Kaluluma. Ine ndinakana kugwiranso tsamba la fodya. Ndinayamba kugulitsa tomato ndi zitumbuwa pamsika, ndipo ndi zomwe zakulitsa ana. Amuna anga sanabwererenso mwakale. Munthu amene ankakonda nkhani ndi kuseka uja anasanduka wa duu, ndipo akamva wina akulankhula zoti anthu tonse ndife ofanana, amangonyamuka n'kuchokapo.

Chaka chatha mwana wa mwini esiteti uja anaimitsa galimoto pamsika, akufuna tomato. Wanenepa, imvi zayamba. Sanandizindikire. Ananditchula kuti mayi wolimbikira, n'kundipempha kuti ndimuchotsereko mtengo. Ndinamuuza kuti tomatoyo wagulidwa kale, akafunse kutsogolo.